Kusankha kontilakitala womata phula la njira ya galimoto pakhomo mu Lusaka

Phula la pakhomo likayamba kutuwa, timiyala n'kumatsatira tsache mukamasesa, ndiye kuti bitumen, mafuta akuda aja amene amagwira miyalayo, wayamba kuuma. Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho dzuwa lake limatentha phula kwambiri. Mvula ya chaka chonse, pafupifupi mamilimita 800, imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi. Dzuwa limaumitsa phula n'kuling'amba, kenako mvula imalowa m'ming'alumo n'kufewetsa dothi la pansi. Kumata ndiko kuika chophimba chatsopano pamwamba kuti kuwonongeka kumeneku kuchedwe.

Chophimbacho n'chopyapyala, ndipo nkhani yonse yosankha kontilakitala yagona pamenepa. China chikauma sichifika ngakhale milimita imodzi, chokhuthala kwambiri chimafika mamilimita 5 kapena 6. Sichinyamula galimoto. Galimoto imanyamulidwa ndi maziko a pansi, kawirikawiri mamilimita 150 a gravel wosakaniza ndi simenti kapena miyala yophwanya, ndi phula la mamilimita 25 mpaka 40 pamwamba pake. Maziko akafooka, ngakhale mumate kasanu, mng'alu udzatulukanso pomwepo mvula yoyamba ikadutsa. Kontilakitala wodziwa ntchito amakuuzani zimenezi musanamufunse. Amene akuvomera kumata chilichonse chimene mwamuonetsa ndiye wofunika kumuopa.

Yambani mwayendera njirayo nokha

Musanaimbire foni aliyense, tengani tepi, choko, sikuludiraiva ndi msomali wa mainchesi 2, muyende kuchokera pageti mpaka pagalaja. Yezani m'litali ndi m'lifupi, muchulukitse. Njira ya mamita 30 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi ndi masikweya mita 120. Onjezani poimika galimoto ndi potembenukira. Nambalayo musayambe mwaitchula. Kontilakitala ayeze yekha, inu muone ngati zikufanana. Kusiyana kwa masikweya mita 5 n'kwachizolowezi, koma akakuuzani 160 pamene inu mwapeza 120, mwadziwiratu munthu amene mukulankhula naye.

Kenako onani ming'alu. Msomali uja ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 3. Mng'alu umene msomaliwo sukulowa umatsekeka ndi chomatira chokhuthala. Umene ukulowa, mpaka wa mamilimita 20, uyenera kuyeretsedwa ndi kuthiridwa chotsekera chakechake ntchito yomata isanayambe. Woposa pamenepo umadzazidwa ndi phula la miyala ing'onoing'ono. Mukaona ming'alu yolukanalukana, yogawa phula m'tizidutswa, imene akatswiri amati khungu la ng'ona, dziwani kuti maziko afewa. Pamenepo pafunika kudula ndi kukumba.

Tsegulani paipi ya madzi, munyowetse njira yonse, mudikire mphindi 20. Paliponse pamene madzi aima zungulizani ndi choko. Dzenje lozama kuposa sentimita imodzi silingadzazidwe ndi chomatira. Mukayesa kutero chimakhuthala, chimachedwa kuuma, kenako chimang'ambika. Onaninso kumene madzi a padenga akupita. Paipi ya gata yothira madzi pa phula imakumba malo amodzimodzi chaka ndi chaka. M'madera otsika monga Kanyama ndi Kamwala South, kumene mwala wa laimu uli pafupi ndipo madzi a pansi amakwera m'dzinja, maziko amanyowa kuchokera pansi. Kumeneko ngalande ndiyo ntchito yoyamba, kumata kumabwera pambuyo.

Pamene galimoto imagona usiku, yang'anani madontho a oyilo ndi dizilo. Zinthu ziwirizi zimasungunula bitumen. Tobolani ndi sikuludiraiva: ikalowa mosavuta, malowo avunda ndipo ayenera kudulidwa; ikakana, kutsuka ndi sopo kukwanira. M'mphepete onani kapinga amene walowa pansi pa phula, zulu za chiswe, ndi mizu ya jacaranda kapena mango imene yatukula njira. Ngati khungu la ng'ona ndi maenje zafika kota ya njira yonse, ife sitingakulangizeni kumata. Ndalamayo ndi bwino muisunge, mudzayale phula latsopano kapena muike mapeva, timabuloko toyala pansi.

Akumata ndi chiyani

Funso limeneli limalekanitsa makontilakitala msanga kuposa lina lililonse. "Timata ndi phula" si yankho. Munthu wodziwa amatchula dzina la mankhwala, ndipo dzinalo limalembedwa pa dilamu.

Chomatira chenicheni chimachokera ku emulsion, amene ndi bitumen wogawidwa m'timadontho ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Wodziwika kwambiri m'chigawo chino cha Africa ndi SS60. Nambala 60 ikutanthauza kuti magawo 60 pa 100 ndi bitumen, otsalawo ndi madzi ndi mankhwala oletsa timadonthoto kugwirana. Amabwera m'madilamu a malita pafupifupi 200. Ali m'dilamu amakhala wabulawuni. Akamwazidwa, madzi amauma, bitumen amagwirana, mtundu umasanduka wakuda. Safuna kutenthetsa pamoto.

Kuchokera ku SS60 pamatuluka ntchito ziwiri. Yoyamba ndi fog spray: emulsion amasakanizidwa ndi madzi mulingo wofanana, lita imodzi kwa lita imodzi, n'kupopera malita 0.5 mpaka 1.0 pa sikweya mita. Iyi ndi ya phula limene langotuwa koma likadali lolimba ndiponso lokhakhala moti lingamwe mankhwalawo. Imagwira timiyala toyamba kuchoka ndi kutseka ming'alu yonga tsitsi, basi. Pa phula losalala kwambiri fog spray imangokhala pamwamba, imaterera, ndipo imamatirira ku matayala.

Yachiwiri ndi slurry, imene pa njira zambiri zakale za pakhomo ndiyo yoyenera. Amasakaniza fumbi la kwale, lija ambiri amangoti quarry dust, simenti pang'ono, madzi ndi SS60 m'makina osakanizira konkire. Pa kiyubiki mita imodzi ya fumbi pamalowa malita 230 mpaka 260 a emulsion ndi simenti wa makilogalamu 16 mpaka 25, kutanthauza kuti theka la thumba la makilogalamu 50 silipitirira. Simentiyo sanaikidwemo kuti alimbitse ngati konkire. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa chosakanizacho kuti emulsion asathawe kusiya fumbi, ndi kuthandiza kuti chiume bwino. Wochulukitsa simenti amapanga slurry wouma gwa amene amasweka miyezi yochepa. Chosakaniza chabwino chimayenda ngati phala la ana: chimatsika pa fosholo chonse pamodzi, madzi osapatuka. Amachiyala ndi squeegee, thabwa la labala lokhala ndi mpini, mamilimita 3 mpaka 6, n'kukoka chiguduli chonyowa pamwamba kuti mizere ichoke.

Palinso zomatira zosakaniza kale za m'zidebe za malita 20. Zimenezi zimapakidwa kawiri, pafupifupi theka la lita pa sikweya mita ulendo uliwonse, ndipo mulingo wa madzi umalembedwa pa chidebe. Uzani kontilakitala akuonetseni pepala la fakitale, muwerenge ngati muli coal tar. Limeneli ndi phula la malasha, ndipo lili ndi mankhwala oyambitsa khansa. Ku America, mzinda wa Austin ku Texas unaliletsa mu 2006, chigawo cha Washington mu 2011. Pabwalo pamene ana amasewera opanda nsapato, komanso mumzinda umene mabanja ambiri amamwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, silofunika.

Njira zazitali za m'mapuloti a ku Makeni kapena Lusaka West zimayenera chip seal: kupopera emulsion wina wouma msanga, kumwaza miyala ya mamilimita 7, n'kupondereza ndi rola. Amene alibe rola asailonjeze ntchito imeneyi.

Zinthu zitatu musalole kuti zithiridwe pa phula lanu. MC30 ndi bitumen wosungunulidwa ndi parafini, wopangidwira kunyowetsa maziko a gravel phula lisanayalidwe. Pa phula lakale amalifewetsa ndipo amamata nsapato kwa milungu. Bitumen wowiritsa m'dilamu n'kuthiridwa popanda miyala kapena mchenga amasungunuka mu Okutobala ndipo amaterera mvula ikagwa. Chachitatu ndi oyilo wakutha wa m'magalaja wosakaniza ndi dizilo ndi bitumen pang'ono. Tsiku loyamba amanyezimira bwino kwambiri, n'chifukwa chake anthu amanyengeka naye. Sauma, amanunkha injini, amadya phula lomwe amati akuteteza, ndipo mvula yoyamba imamukokolola kupita naye m'ngalande ndi m'nthaka. Pakani dontho pa chidutswa cha katoni, muchiike padzuwa. Emulsion weniweni amayamba wabulawuni, amada, ndipo pakatha ola limodzi wauma. Oyilo amayamba ali wakuda kale, amasiya mkombero wa mafuta pa katoni, ndipo mawa lake amadetsabe chala.

Masamu amene amakutetezani

Tibwerere ku njira ya masikweya mita 120 ija. Fog spray ya malita 0.8 pa sikweya mita imafuna malita 96 osakaniza, kutanthauza malita 48 a SS60 ndi 48 a madzi. Slurry wa mamilimita 5 amafuna pafupifupi kiyubiki mita 0.6 ya fumbi la kwale, malita 140 mpaka 155 a emulsion, ndi simenti wosapitirira makilogalamu 15. Dilamu limodzi likwana, n'kutsalako wa ming'alu ndi wa m'mphepete mwa zigamba, malo owonongeka amene adulidwa n'kudzazidwa phula latsopano. Bwalo la masikweya mita 400 limafuna makiyubiki mita 2 a fumbi ndi madilamu awiri ndi theka. Kontilakitala akabwera pa bwalo lotere ndi dilamu limodzi, kusiyanako adzadzaza ndi madzi.

Kuba kwambiri pa ntchito imeneyi kumachitikira m'madzi. Emulsion wothiridwa madzi katatu amadetsabe phula, ndipo tsiku lomaliza ntchito simungasiyanitse ndi maso. Kusiyana kumaoneka mu Febuluwale, mtundu utachoka mmene matayala amadutsa. Njira yodzitetezera ndi imodzi: malita alembedwe pa koteshoni, madilamu afike otseka, muwawerenge asanatsegulidwe, ndipo muwerengenso opanda kanthu ntchito ikatha. Ena amasankha kugula okha emulsion kwa ogulitsa a ku industrial area n'kumulipira kontilakitala ntchito yokha. Zimathandiza, koma zikalakwika aliyense amaloza mnzake chala, wina akuti mankhwala, wina akuti kayalidwe. Mukasankha njira imeneyo, kontilakitala alembe kuti waona mankhwalawo ndipo wawavomereza.

Zigamba nazonso zili ndi masamu ake. Sikweya mita imodzi ya phula la mamilimita 30 imalemera pafupifupi makilogalamu 70, amene ndi matumba atatu a makilogalamu 25 a phula lozizira.

Kumupeza ndi kuona mapepala ake

Malo abwino oyambira ndi pa bwalo la sukulu, tchalitchi, loji kapena nyumba ya mnansi pamene panamatidwa mvula iwiri yapitayo. Funsani amene anagwira. Zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp zimajambulidwa tsiku lomaliza ntchito, pamene chilichonse chakuda chimaoneka bwino, choncho sizikuuzani kanthu. Pezani makontilakitala atatu, aliyense akupatseni malo awiri amene anamata chaka chapita, mupiteko nokha. Yang'anani pageti pamene matayala amakhotera, m'mphepete, ndi pamwamba pa ming'alu yakale. Mufunse mwini malo ngati kontilakitala anabweranso atamuitana.

Makontilakitala m'Zambia amalembetsa ku National Council for Construction, NCC, imene tsopano imayendera lamulo la 2020. Pali magiredi 6: giredi 1 ndi makampani akuluakulu, giredi 6 ndi ang'onoang'ono. Gulu la ntchito za misewu ndi R. Pa njira ya pakhomo, wa giredi 5 kapena 6 ndi wokwana, ndipo nthawi zambiri ndi amene angakusamaleni. Kampani yaikulu imaika ntchito ya masikweya mita 120 kumapeto kwa mndandanda. Satifiketi ya NCC imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndiye onani chaka chimene chalembedwapo. Dzina la kampani lifufuzeni ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, muonenso TPIN, nambala ya msonkho yochokera ku bungwe lotolera misonkho la ZRA. Dzina limodzimodzilo lioneke pa koteshoni, pa satifiketi ndi pa akaunti yolandirira ndalama. Ena amabwereka mapepala a anzawo, ndipo zimadziwika pamene akukupemphani kutumiza ndalama ku nambala ya munthu wina.

Funsaninso ngati antchito ake ali m'kaundula wa Workers' Compensation Fund Control Board. Chotsekera ming'alu chotentha chimafika madigiri 180, ndipo munthu akapsa pakhomo panu mudzafuna kuti pakhale womulipirira chipatala.

Mapepala amasonyeza kuti munthu angapezeke zinthu zikavuta. Luso saliwerengera pamenepo. Alipo amisiri amene anagwira zaka zambiri m'makampani a misewu, odziwa slurry kuposa mabwana awo, koma alibe kampani. Ngati mwasankha wotere, gulani mankhwala nokha, mulembe nambala ya NRC yake, chiphaso chake cha unzika, pa mgwirizano, ndipo mulipire ntchito ikamatha gawo ndi gawo.

Amene amagogoda pageti n'kunena kuti atsala ndi phula kuchokera ku ntchito ya msewu wa boma, ndiye akumatirani lero lomwe pamtengo wotsika, abwezeni. Ngati phulalo ndi lenileni, mwina ndi lobedwa. Ngati si lobedwa, kawirikawiri ndi oyilo uja.

Akabwera kudzaona malo

Wopereka mtengo pa foni asanaone njira, mchotseni pa mndandanda. Akafika, mlekeni ayende yekha, muone kumene maso ake akupita. Wodziwa amawerama pa ming'alu, amaponda m'mphepete, amafunsa kuti phula linayalidwa liti ndiponso ngati linamatidwapo kale. Amafunsa za galimoto zolemera: thanki ya madzi, yopopa chimbudzi, lole ya mchenga. Funso la zaka ndi lofunika chifukwa phula latsopano silimatidwa mpaka patapita miyezi 6 kapena 12; mafuta opepuka a mkati mwake amayenera kutuluka kaye, apo ayi limakhala lofewa.

Inunso mufunse mwaulemu koma molunjika. "Abambo, pa sikweya mita imodzi muthira malita angati, nanga madzi muonjezera ochuluka bwanji?" Yankho labwino limakhala ndi nambala. "Nanga apa pang'ambika chonchi mutani?" Yankho labwino limatchula kudula m'makona anayi, masentimita 15 mpaka 30 kupitirira pomwe pawonongeka, kukumba mpaka pouma ndi polimba, kubwezera gravel m'magawo osapitirira masentimita 15, kutsendera gawo lililonse ndi makina, kupaka emulsion m'mbali mwa dzenje, kenako phula. Akanena kuti slurry aphimba zonse, mwamva zokwanira.

Mufunseni za madzi osakanizira. Madzi a m'mijigo ya Lusaka ali ndi laimu wambiri, ndipo madzi otere nthawi zina amachititsa emulsion kuundana asanayalidwe. Mmisiri wosamala amayesa kaye m'kachitini, ndipo amathira madzi mu emulsion pang'onopang'ono, osati emulsion m'madzi. Mufunseni za fumbi la kwale: lisefedwe pa sefa ya mamilimita 5, lisakhale ndi dongo. Inu mungaliyese m'botolo la madzi. Khutchumulani, mudikire; matope ochindikala akakhala pamwamba pa mchenga, fumbilo ndi losakanikirana ndi dothi ndipo slurry wake adzasweka. Pomaliza mufunse amene adzakhale pamalo tsiku la ntchito. Kawirikawiri wobwera kudzayeza si amene amagwira squeegee.

Koteshoni ndi malipiro

Koteshoni ya mzere umodzi, yongoti kumata njira ndi mtengo, siyerekezeka ndi ina iliyonse. Yoyenera imagawa: masikweya mita onse, kuyeretsa ndi kupha udzu, mamita a ming'alu ndi chotsekera chake, masikweya mita a zigamba ndi kuya kwake, dzina la chomatira, malita ake, makulidwe kapena maulendo opaka, kuchotsa zinyalala, masiku a ntchito, ndiponso ngati VAT ya 16 peresenti ilimo. Bitumen wambiri amachokera kunja, mtengo wake umatsatira dola, choncho koteshoni inene kuti mtengowo ukhala masiku angati.

Mukalandira zitatu, yerekezani malita ndi zigamba musanayang'ane nambala ya pansi. Nthawi zambiri wotchipa kwambiri wasiya zigamba kapena wachepetsa emulsion. Mtengo wa dilamu mungaufunse nokha kwa ogulitsa. Ngati koteshoni yonse ili pansi pa mtengo wa mankhwala ofunikira, palibe njira yoti ntchitoyo igwiridwe moona.

Chikole chisapitirire mtengo wa mankhwala, ndipo ndi bwino chiperekedwe tsiku limene madilamu afika pakhomo. Gawo lachiwiri liperekedwe zigamba ndi ming'alu zikatha inu mutaziona, chifukwa zikaphimbidwa simudzazionanso. Gawo lachitatu, kumata kukatha. Sungani 5 kapena 10 peresenti mpaka mvula itagwa kangapo. M'ntchito zomanga zimenezi n'zachizolowezi, ndipo kontilakitala weniweni sadabwa nazo. Lembani kuti chomatira chikasupuka kapena chigamba chikatitimira m'miyezi 12 adzakonza ndi ndalama zake. Musayembekezere kuti alonjeze kuti mng'alu sudzabweranso konse, pakuti phula limafutukuka ndi kunyala, ndipo ming'alu ina imaonekeranso. Lipirani kudzera ku banki, Airtel Money kapena MTN kuti pakhale umboni, mutengenso lisiti. Zikafika povuta, pepala limeneli ndilo mudzapite nalo ku Small Claims Court, ku Competition and Consumer Protection Commission, kapena ku NCC ngati ndi wolembetsa.

Kachigawo ka kunja kwa geti, pakati pa mpanda ndi msewu, ndi malo a msewu. Ngati ntchito ikhudza ngalande kapena kalavati wa pamenepo, funsani kaye ku Lusaka City Council.

Nyengo

Emulsion amafuna kutentha kopitirira madigiri 10 ndi maola 24 opanda mvula. Kuyambira Novembala mpaka Malichi musamate. Mvula ya masana imodzi imatsuka ntchito yonse n'kudetsa ngalande ndi khoma. Epulo akamatha ndi Meyi ndi nthawi yabwino, bola maziko akhale atauma. Mu Juni ndi Julayi usiku umazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndiye ntchito iyambe cha m'ma 9 koloko n'kuleka pofika 2 koloko masana kuti iume dzuwa lisanalowe. Malo a mthunzi wa mpanda amachedwa kwambiri. Ogasiti ali ndi mphepo ndi fumbi. Seputembala ndi wabwino, ndipo njira imalowa m'dzinja ming'alu ili yotseka. Mu Okutobala phula limatentha moti slurry amauma pa squeegee asanayalidwe. Ayambe m'mamawa, anyowetse pansi pang'ono, koma madzi asaime. Kontilakitala wabwino amakhala wotanganidwa miyezi imeneyi, choncho mulankhule naye kukadali Julayi.

Tsiku la ntchito

Kukonzekera kumatenga nthawi yaitali kuposa kumata. Mankhwala opha udzu athiridwe masiku 7 mpaka 14 ntchito isanayambe, kapinga azulidwe ndi mizu yomwe. Zigamba za phula lozizira la m'matumba zimafuna milungu ingapo kuti zilimbe zisanaphimbidwe. Za phula lotentha sizidikira motalika chomwecho. Ming'alu ikokedwe ndi chitsulo, iuziridwe ndi makina a mpweya, ikhale youma, ndipo chotsekera chidzaze mpaka kufanana ndi pamwamba, chisatukuke. Madontho a oyilo akwechedwe ndi burashi ya waya ndi sopo. Kenako kusesa, kawiri kapena katatu. Pukutani pansi ndi chikhatho: chikatuluka ndi fumbi lofiira, auzeni asesenso. Chomatira chimagwira chimene chakhudza, ndipo chikakhudza fumbi chimachoka nalo limodzi.

Njanji ya geti loyenda, zivundikiro za mamanhole, mita ya madzi, makebu ndi khoma la m'munsi ziphimbidwe ndi mapepala kapena mchenga. Dilamu ligubuduzidwe lisanatsegulidwe, chifukwa emulsion akakhala miyezi bitumen amatsikira pansi. Ngati muli mibulu yosasungunuka, wawonongeka, abwezedwe. Emulsion wothiridwa madzi agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Ayambire kugalaja kutsikira kugeti, ndipo galimoto mukhale mutaitulutsa kale. Agalu ndi nkhuku atsekeredwe.

Khalani pafupi ndi makina osakanizira kwa maulendo atatu oyamba. Werengani zidebe. Wilibala imodzi yodzaza bwino imanyamula malita pafupifupi 60 a fumbi, ndipo imafuna malita 14 kapena 15 a emulsion. Mulingowo ukasintha pakati pa ntchito, njira imatuluka ndi mawanga, pena pakuda pena potuwa.

Slurry amalola phazi pakatha maola 4 mpaka 6 kukakhala kotentha. Galimoto idikire maola 24, nyengo yozizira 48. Pamsewu waukulu matayala ndiwo amatsendera slurry, koma pakhomo galimoto ndi zochepa, choncho tsiku lotsatira kontilakitala aponderezeko ndi rola yopepuka, kapena muyendetse galimoto pang'onopang'ono kudutsa m'lifupi monse. Milungu iwiri yoyamba musakhotetse chiwongolero galimoto itaima, pakuti tayala limapotokola chomatira n'kusiya chipsera. Thanki ya madzi ndi lole ziime kunja kwa mwezi umodzi.

Zikalakwika, zimaoneka chonchi

Chomatira chikasupuka m'mapalepale, pansi panali fumbi, oyilo kapena chinyezi. Imeneyo ndi ntchito ya kontilakitala kukonza. Chikatuwa ndi kutha mmene matayala amadutsa m'dzinja loyamba lomwe, madzi anachuluka. Chikamasiya mchenga pa tsache kwa miyezi, emulsion anachepa m'slurry kapena fumbi linali ndi dongo. Timchenga tochepa mlungu woyamba n'tachizolowezi. Chikamamata nsapato dzuwa likatentha, emulsion anachuluka kapena anathira MC30. Kumwaza fumbi la kwale louma kumachepetsa vutoli. Ming'alu yopyapyala yambirimbiri pa chomatira chokha imabwera chifukwa choyala mokhuthala kwambiri ulendo umodzi, kapena kumata pafupipafupi. Chigamba chotitimira ndi gravel wosatsenderedwa.

Jambulani malowo, muyeze kukula kwake, mutumize uthenga wolemba wokhala ndi tsiku, ndalama yosunga ija isanatuluke. Njira yomatidwa bwino imafunanso kumata pakapita zaka 3 mpaka 5, pamene miyala yayambanso kuonekera. Amene angakuuzeni kuti muzimata chaka chilichonse akukuunjikirani chomatira chimene chidzang'ambike chokha. Chofunika chaka ndi chaka ndi kutseka ming'alu yatsopano mu Seputembala ndi kuchotsa zinyalala m'ngalande mvula isanayambe.